Wailesi Yosowa ya ku Nakhwipa

Tsiku limene wailesi yobedwa ija inadziulula, Wanangwa Msiska anali yekha m'kachipinda kake kuseri kwa ofesi ya zaumoyo pa boma la Phalombe, akudya mbatata yootcha ndi tiyi amene anali atazizira kale. Kukhala yekha sikunali kwachilendo kwa iye. Kwawo kunali ku Rumphi. Mkazi wake anatsala komweko ndi ana, atanena kuti sangasiye munda n'kukakhala m'nyumba ya lendi kumapeto kwa dziko. Ntchito yake nayo inali yoti anthu amangomukumbuka pakawonongeka kanthu. Iye ndiye ankasamala mawailesi a meseji a m'tizipatala ta kumidzi, amene anamwino ankaitanira ambulansi, poti zaka zimenezo mafoni a m'manja anali asanafike kuseri kwa mapiri. Tsiku lonse mawu a anthu ankadutsa m'chipinda chakecho, koma onse ankalankhulana okhaokha.

Patebulo pake panali makina opimira mafunde a wailesi, amene bungwe lina lakunja linasiya litamaliza kuika mawailesiwo. Linali bokosi lolemera lokhala ndi galasi ngati la kanema. M'munsi mwa galasilo munkayenda mzere wobiriwira wonjenjemera, ngati kapinga akamawombedwa ndi mphepo. Munthu akangodina cholankhulira kulikonse m'bomalo, nthawi yomweyo pakapingapo pankatumphuka nsonga, n'kukhala chiimire mpaka munthuyo atamaliza mawu ake. Wanangwa ankazindikira wailesi iliyonse poona nsonga yake, monga mayi amazindikirira ana ake ndi mayendedwe ali patali.

Masana amenewo nsonga inatumphuka n'kugwa pomwepo. Sipika sinatulutse liwu, inangothetheka kamodzi. Wanangwa anasiya kutafuna. Patapita kanthawi nsongayo inabweranso, yaifupi, yofooka, ndipo anaonetsetsa kuti sinaime pakati pamene zinzake zimaima. Inapendekera pang'ono kumanzere.

M'boma lonselo wailesi yopendekera kumanzere inali imodzi yokha, yakale, imene iye ankangolonjeza kuti adzaikonza. Inali ya pakachipatala ka mpingo ka ku Nakhwipa, mbali ya ku Nkhulambe. Ndipo wailesi imeneyo inali itabedwa sabata yathayo, mlonda wa pamalopo n'kupezeka atafa.

*

Sajeni Redson, amene ankayendetsa mlanduwo, anamumvetsera akusenda nzimbe ndi kampeni. Anali munthu wotopa, wa ku Ntcheu, ndipo kwa iye nkhaniyo inali itatha kale. Anaifotokozanso mwachidule, ngati munthu wobwereza phunziro kwa mwana wosamva. Loweruka usiku mbava zinathyola chitseko cha chipinda cha wailesi n'kutenga wailesi ndi batire yake. Lamulungu m'mawa mkulu wa pakachipatalapo, Cornelius, amene anthu ankamutchula kuti adokotala, anaona zimenezo n'kukwera njinga kuti akanene kupolisi, koma njinga inamuthyokera panjira ndipo anafika Lolemba. Lamulungu lomwelo masana anthu anabwera pakachipatalapo ndi mayi woyembekezera dzina lake Lenia, atataya magazi ambiri. Namwino anali yekha, choitanira ambulansi panalibe, mayiyo anamwalira dzuwa lisanalowe. Lolemba m'mawa amayi opita kukatunga madzi anapeza mlonda, a Kaliati, ali kwala m'mbali mwa mtsinje, mutu utaphwanyika kunkhongo.

Maganizo a Sajeni anali akuti mlondayo anagwirizana ndi mbava, kenako anakangana pogawana. Batire inapezeka kwa Julius, wokonza mawailesi ndi njinga pamsika wa Nakhwipa, ndipo Julius anali m'chitokosi.

"Ndiye amene akudina wailesiyo ndani, ngati wakubayo muli naye muno?" anafunsa Wanangwa.

Sajeni anati mwina ndi anzake a Julius, mwinanso wailesiyo inawoloka kale malire kupita ku Mozambique, kumene polisi ya kuno ilibe mphamvu. Anawonjezera kuti kukhoti sangapite ndi mzere wobiriwira umene wangooneka n'kuzimirira. Komabe analola kuti Wanangwa alankhule ndi womangidwayo.

Julius anali wamfupi, wolankhula mothamanga, Chichewa chake chodzaza ndi Chingerezi cha pamsika. Anayamba ndi nthabwala, kuti m'chitokosimo nsikidzi zamulandira bwino kuposa apongozi ake, koma maso ake anali ofiira. Anati batireyo anaipeza Lolemba m'mawa itatsamira chitseko cha shopu yake, monga anthu amasiyira zinthu zofuna kukonzedwa, ndipo anailowetsa kuti mwini wake akabwera aipeze. Wanangwa anamufunsa kuti iyeyo, akanakhala wakuba, akanatenga chiyani pakachipatalapo.

"Bwana, ine ndine mekaniki. Wailesi ya meseji ndikagulitsa kwa ndani? Singagwire nyimbo, singagwire mpira. Munthu wanzeru amakwera padenga n'kumasula sola. Sola ndiye imayenda malonda." Anaima kaye, n'kumuyang'ana. "Kodi sola ija anatenga?"

Wanangwa anatembenukira kwa Sajeni. Sajeni anakanda kumutu n'kunena kuti padenga sanayang'anepo.

*

Masiku otsatira Wanangwa anawathera pamaso pa galasi lija. Anasiya kupita kukadya kumsika. M'mawa nsongayo sinkabwera, madzulo sinkabweranso. Inkabwera dzuwa likafika paliwombo, kangapo motsatizana, kenako zii. Anayesa kuthamangira panja ndi eliyo ya m'manja, yooneka ngati minga ya nsomba, imene imaloza kumene mafunde akuchokera, koma asanaitembenuze n'komwe nsonga inali itagwa. Chimene anangotha kuona n'chakuti inkakula akaloza kumpata wa pakati pa mapiri a Michesi ndi Mulanje.

Anayesanso kuitana. Anadina cholankhulira chake n'kunena kuti aliyense amene ali ndi wailesi ya ku Nakhwipa ayankhe. Anamwino a m'malo ena anamva, wina anaseka, wina anamuuza kuti achoke pamzere pali wodwala. Nsonga yopendekera ija inatumphuka kamodzi, ngati munthu wotsegula pakamwa, n'kugwa.

Kenako kunabwera chiperoni. Mitambo inatsika kuchokera kuphiri, kamvula kowaza kanagwa masiku angapo, ndipo nsonga sinaonekenso. Wanangwa anakhala m'chipindamo atavala juzi, akuganiza kuti basi wailesi yapita. Dzuwa litangobwerera, masana ake omwewo, nsonga nayo inabwerera.

Apo m'pamene zinamulowa m'mutu. Wailesi ya meseji imadya moto wochepa pomvetsera, koma polankhula imafuna wambiri. Batire inali kupolisi. Amene anali ndi wailesiyo ankailumikiza ku sola mwachindunji, ndiye chifukwa chake inkangodzuka dzuwa likawala kwambiri, ndipo akadina kuti alankhule moto unkaperewera n'kuzima mawu asanatuluke. Munthuyo ankamva boma lonse likulankhula, koma iye sankamveka. Wakuba woyesa katundu akanayesa kamodzi kapena kawiri n'kuleka. Uyu sankaleka.

M'mawa mwake anamangirira makinawo pa njinga yamoto ya ofesi, pamodzi ndi batire yaing'ono imene ankawayatsira akakhala kutchire, n'kulowera njira ya kumpata.

*

Anafika ku Nakhwipa kukuchitanso mitambo. Kachipatalako kanali kanyumba ka njerwa zootcha pakati pa minda ya nandolo ndi chinangwa, nyumba ziwiri za ogwira ntchito zili chapatali pang'ono. Asanatsike n'komwe panjinga anakweza maso. Sola inali pomwepo padenga, itachita fumbi koma yosakhudzidwa, ndipo eliyo inali chiimire pamtengo wake.

Cornelius anatuluka atatambasula manja. Anali wamtali, wovala bwino, wa komweko, mawu ake osalala ngati mafuta. Anamulandira ngati mbale wake, anatumiza kunyumba kuti abweretse tiyi, anadandaula za umbava umene wakula chiyambire matipate, anati anthu masiku ano asokoneza ufulu ndi chipwirikiti. Za a Kaliati anapukusa mutu n'kunena kuti munthu sungamudziwe, mkulu uja anagwira naye ntchito zaka zambiri osadziwa kuti akuweta njoka. Za Lamulungu lija anafotokoza yekha asanafunsidwe: tcheni cha njinga chinaduka pakati pa njira, anagona kwa mnzake, anafika kupolisi m'mawa.

Wanangwa anati wangobwera kudzaona zimene zatsala, kuti akapemphe wailesi ina. Cornelius anamutsogolera kuchipindako. Chitseko chinali chothyoka pa loko, thabwa litang'ambika. Patebulo panali bwalo loyera pamene wailesi inkakhala. Kukhoma kunkalendewera nthambo ziwiri, ya ku sola ndi ya ku eliyo. Wanangwa anagwira ya ku eliyo n'kuyang'ana kumapeto kwake. Kachitsulo kopotera kanali komweko, kabwinobwino. Nthambo ya sola nayo inali yomasulidwa bwino, osati yodulidwa. Mbava yothyola chitseko mumdima, mlonda ali pafupi, sikhala pansi n'kumapotokola tizitsulo. Imadula ndi chikwanje n'kuthawa.

Wanangwa anaisiya nthamboyo. Anafunsa ngati angalankhule ndi namwino.

Namwinoyo dzina lake anali Leah, mtsikana wa ku Dowa, woonda, amene Wanangwa ankamukumbuka kuti ulendo wina akukonza wailesi anaima pambali pake nthawi yonse akufunsa kuti nthambo iyi ikupita kuti. Tsopano sanamuyang'ane n'komwe. Cornelius anaima pakhomo manja ali m'thumba. Leah anayankha kuti inde, chitseko anachipeza chothyoka Lamulungu m'mawa. Inde, anali yekha ndi Lenia. Ayi, usiku sanamve kanthu. Ankalankhula akupinda nsalu yomweyomweyo patebulo, kuipinda n'kuitambasulanso.

"Anesi athuwa sanapezebe bwino chichitikire zija," anatero Cornelius mwachifundo. "Imfa ya mayi uja akuiona ngati ndi mlandu wawo. Ine ndikuwauza kuti asadandaule, ndikawaikira kumbuyo akulu akadzafunsa."

Manja a Leah anaima pansalu paja.

*

Kwa a Kaliati kunali kutsidya kwa mtsinje womwe anawapezako. Mkazi wawo, mayi Maggie, anali pakhonde akusenda chinangwa choti ayanike makaka, atameta mpala wa maliro. Pabwalo panalibe munthu wina. Anansi anali atasiya kubwera chimvekereni kuti malemuwo anali mnzawo wa mbava. Anamupatsa mpando, iwo n'kukhala pansi. Chichewa chawo chinali cha kayimbidwe ka Chilomwe, chochedwa, ndipo ankayankha zokhazo zimene afunsidwa.

Wanangwa anafunsa za Lamulungu m'mawa, ngati bambowo anabwera kuchokera kuntchito ali ndi nkhawa. Mayiwo anati ayi. Anabwera monga mwa masiku onse, anasamba, anadya nyemba za kalongonda zotsala dzulo lake, anagona. Za mbava sananenepo kanthu. Masana anesi anabwera akuthamanga kudzawadzutsa, ndipo anapita nawo. Patapita kanthawi bambowo anabweranso okha, thukuta lili kamukamu, kudzatenga njinga.

"Anati akupita kuti?"

"Anati akukasaka kiyi."

"Kiyi wa chiyani, mayi?"

Mayi Maggie anati sanafunse, mwamuna akamathamanga sumufunsa. Anabwerako dzuwa litapendeka, osalankhula, chakudya osachikhudza. Madzulo ananyamuka kupita kuntchito, ndipo sanawaonenso amoyo. Apolisi atabwera anangofunsa ngati m'nyumbamo muli katundu wachilendo, n'kugudubuza mphasa ndi madengu. Za kiyi palibe anafunsa.

Wanangwa anawoloka mtsinje uja pang'onopang'ono. Ngati chitseko chinali chothyoka kuyambira Loweruka usiku, wailesi n'kukhala itapita, ndiye kuti Lamulungu masana panalibe chifukwa choti mkulu wa zaka zake apalase njinga kukasaka kiyi. Munthu amasaka kiyi chitseko chikakhala chokhoma, chimene akuchifuna chili m'kati.

Anagona kwa mphunzitsi wina wa pasukulu ya pafupi. Kutacha, kumwamba kunali mbee, kopanda ndi kamtambo komwe.

*

Anapita kukatsanzika kwa Cornelius anthu akuona, anamuthokoza chifukwa cha tiyi, analiza njinga yamoto mpaka kukhota kuseri kwa sukulu. Kumeneko anaizimitsa n'kuikankhira m'munda wa nandolo. Anasenza makina ake n'kubwerera wapansi, chowerama, mpaka pachulu china chimene ukakhala kuseri kwake umaona denga la kachipatala. Analumikiza batire, anayatsa galasi, anagwira eliyo ya m'manja ija n'kudikira.

Anadikira nthawi yaitali. Nyerere zinamukwera m'miyendo. Pakhonde la kachipatala panali amayi a ana odikira sikelo, mawu awo ankamveka patalipatali. Anadzifunsa chimene iye, munthu wa nthambo ndi sikuludiraiva, ankafuna m'munda wa eni ake, kudziko kumene akanati afe lero uthenga ukanatenga sabata kuti ufike kwa ana ake. Dzuwa litafika pamutu anaona Cornelius akutuluka, akuvula chovala chake choyera, n'kulowera kunyumba kwake kukadya.

Sipanapite nthawi. Nsonga inatumphuka mpaka kugunda pamwamba pa galasi, yopendekera kumanzere, yaikulu kuposa mmene anaionerapo. Inagwa. Wanangwa analoza eliyo kumsika, nsonga itabweranso inali yaifupi. Analoza kukachipatala, inadzaza galasi.

Anazimitsa makina, anamasula batire n'kuinyamula m'manja, makinawo n'kuwasiya pachulu pomwepo. Anazungulira kuseri kwa nyumbayo n'kukankha chitseko chothyoka chija.

Leah anali atagwada pansi. Wailesi inali pamaondo pake, nthambo zonse ziwiri zitalumikizidwa, cholankhulira atachigwira ndi manja awiri pafupi ndi pakamwa. Kanyali kofiira kanayaka n'kuzima. M'sipika munkamveka namwino wa ku Chiwalo akufunsa za katemera. Atamuona Wanangwa sanakuwe. Anangokhala chigwadire, ngati munthu amene wakhala akudikira kugwidwa.

Wanangwa anatseka chitseko n'kugwada pambali pake. Anamuuza motsitsa mawu kuti popanda batire wailesiyo singalankhule, koma kuti kuboma iye wakhala akumuona tsiku lililonse la dzuwa.

"Ndimayesa palibe akumva," anatero Leah. "Tsiku lija munaitana ndinakumvani. Ndinayankha, koma inazima."

Zotsalazo anazinena mofulumira, maso ali kuchitseko. Loweruka kunalibe mbava. Cornelius ankakhoma chipinda cha wailesi n'kumayenda ndi kiyi, ndipo Lamulungu lija anapita naye kwa mkazi wake wachibisira kufupi ndi malire. Lenia atafika, Leah anapempha a Kaliati kuti athyole chitseko, koma mkuluyo anaopa kuthyola katundu wa mpingo, anati bola athamangire kiyi. Sanamupeze. Cornelius anabwera madzulo mtembo uli kale pamphasa. Iye mwini ndiye anathyola chitseko ndi chitsulo, anachotsa wailesi, n'kuwauza awiriwo zoti adzanene. Leah anamva a Kaliati akukana panja, akuti iwo akalamba, bodza la pamaliro sangalisenze. M'mawa mwake mkuluyo anapezeka kumtsinje. Cornelius anamuuza Leah kuti akatsegula pakamwa, iye adzalemba kuti mayi uja anafa chifukwa cha kusasamala kwa namwino, ndipo anamukumbutsa kuti kuno alibe mbale. Apolisi atabwera, anamufunsa mafunso Cornelius ali chiimire pambali. Wailesiyo anadzaipeza yekha m'firiji yakufa ya katemera, kuchipinda chosungira mankhwala, itakutidwa ndi makatoni. Kuyambira pamenepo, Cornelius akapita kukadya, ankaibweretsa muno, kenako n'kukaibwezera.

Wanangwa anali atamasula kale nthambo ya sola. Analumikiza batire yake, chofiira ku chofiira, chakuda ku chakuda. Kanyali kanayaka n'kukhazikika.

Kunja kunamveka nsapato pa simenti.

*

Cornelius anaima pakhomo akupukuta m'manja ndi kansalu. Anayang'ana wailesi, anayang'ana Leah, anayang'ana Wanangwa, ndipo nkhope yake sinasinthe kwambiri. Anati pobwerera waona zidindo za matayala a njinga yamoto zikulowa m'munda, ndiye anadabwa. Kenako anamwetulira mwachisoni.

"A Msiska, mwatithandiza. Ine ndinkawakayikira kale anesiwa, koma ndinalibe umboni. Taonani, katundu ali m'manja mwawo. Bweretsani kuno wailesiyo, tikaisunge bwino mpaka apolisi abwere."

Analowa phazi limodzi. Wanangwa anaimirira. Sanali munthu wa ndewu, chibadwire anali asanamenyanepo ndi munthu, ndipo Cornelius ankamuposa msinkhu ndi thupi lomwe. Anaima pakati pa iye ndi Leah, n'kunena osatembenuka kuti anesi adine, tsopano ilankhula.

Leah anadina. Kenako anatchula dzina lake ndi la kachipatalako, anapempha kuti amene ali pa wailesi ya kuboma aitane apolisi amvetsere, ndipo ananena zonse zimene anali atangomuuza Wanangwa, mwadongosolo lomwelo, osathamanga. Cornelius anamugwira Wanangwa paphewa n'kumukankhira kukhoma, mutu unagunda njerwa, koma Wanangwa anamukakamira malaya osamusiya. Anagwetsa mpando. Leah anakokera wailesi pakona, anatembenukira kukhoma, n'kupitiriza kulankhula mpaka anafika pa dzina la a Kaliati.

Leah anasiya kudina. Kenako sipika inathetheka. Woyendetsa ambulansi kuboma anati wamva, ndipo watuma munthu kupolisi. Namwino wa ku Chiwalo anati nayenso wamva zonse, Leah asaope. Anatsatira wina, kenako winanso, zipatala za kuchigwa ndi za m'mphepete mwa phiri, aliyense akutchula malo ake n'kunena kuti wamva.

Cornelius anamusiya Wanangwa. Anakonza kolala ya malaya ake n'kutembenuka kuti atuluke. Koma zenera la chipindacho linalibe galasi, ndipo amayi a sikelo aja anali atamva zonse. Anali ataima m'khonde lonse, ana kumsana, osasuntha. Pakati pawo panali ena amene anasambitsa mtembo wa Lenia. Cornelius anawalankhula m'Chilomwe, mofatsa, kuti amupatse njira. Palibe anasuntha. Anayesanso kachiwiri, mawu akuuma. Potsiriza anakhala pa benchi ya odwala n'kuika manja pamaondo, ndipo anali pomwepo pamene galimoto ya polisi inafika dzuwa litapendeka.

*

Julius anatulutsidwa tsiku lotsatira. Sajeni Redson anapita yekha kumalire kukafunsa mkazi uja, amene anavomera kuti Cornelius anali kwake Lamulungu lonse, njinga yake ili bwinobwino, komanso kuti mkulu wina anabwera kudzamufuna koma anauzidwa kuti kulibe. Kukhoti Cornelius anati a Kaliati anangowakankha pokangana, iwo n'kugwera pamwala. Woweruza sanamukhulupirire, poti zinadziwikanso kuti ndi iye anakatsamiza batire ija pachitseko cha Julius. Leah anapempha kuti amusamutse, ndipo anabwerera kwawo ku Dowa mvula isanayambe. Anamulembera Wanangwa kamodzi, iye anayankha, zinathera pomwepo.

Wailesi ija itabwezedwa ndi apolisi, Wanangwa anaikonza n'kupita nayo ku Nakhwipa kukaiika. Chitseko chinali chatsopano, ndipo namwino watsopano anamuonetsa msomali umene kiyi ankakhalapo tsopano, poonekera aliyense. Atamaliza anayatsa makina ake pakhonde kuti aone ngati wailesiyo ikutulutsa mphamvu yokwanira. Akuwerama choncho anamva kuti pali munthu kumbuyo kwake.

Anali mayi Maggie, tsitsi litayamba kumera, atanyamula kalichero ka nandolo wosenda. Anakaika pansi pafupi ndi mapazi ake n'kunena kuti n'kake. Anati anthu ayambanso kubwera kunyumba kwawo. Kenako anakhala pansi n'kumayang'ana mzere wobiriwira uja nthawi yaitali.

Anati amva kuti makinawa amagwira mawu amene ali mumlengalenga, ngakhale amene anthu sakuwamva. Wanangwa anati n'zoona, pang'ono. Mayiwo anati bambo a kunyumba kwawo nthawi zina ankayankha wailesiyo adokotala akachoka, ankauza a kuboma kuti adikire akaitane anesi, ndipo pobwera kunyumba ankanyadira kuti lero alankhula ndi boma. Ananena zimenezi akusalaza chitenje pabondo.

"Ndiye ndimati, mwina mawu awowo akadali m'mwambamo. Mwina mungawapeze, ndingowamvako."

Wanangwa anayang'ana galasi. Anaganiza zowauza kuti adzayesa, poti zikanawasangalatsa. Koma mayiwa anali atanamizidwa kokwanira chaka chimenecho.

"Ayi, mayi. Amangoona zimene zikunenedwa panopa. Zikadutsa, zadutsa."

Mayi Maggie anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati ankadziwa kale. Sananyamuke. Anafunsa ngati angakhalebe pang'ono kuti aziona. Wanangwa anasendeza makinawo kuti dzuwa lisawale pagalasi, anakhala pansi pambali pawo, ndipo awiriwo anakhala pakhondepo akuyang'ana mzere uja mpaka mthunzi wa phiri unafika pabwalo.